Musanagule SUV Yaikulu Yatsopano, Tengani Kope ndi Tepi Yoyezera

Chitseko chakumbuyo cha galimoto yanga chili ndi chipsera chotalika ngati mkono wa mwana. Ndinachikanda pa geti la panyumba panga pomwe, galimotoyo itangotha masiku 3, mapulasitiki asanachoke n'komwe pamipando. Geti limenelo ndinali nditalowapo kwa zaka zambiri ndi kagalimoto kanga kakale, nthawi zina dzanja limodzi lili pa chiwongolero, lina likupisa m'thumba kufuna makiyi a nyumba. Zoliyeza sindinaziganizepo. Papita zaka 6 koma chipseracho sindinachikonzetse, ndipo munthu akabwera kudzandifunsa ngati agule SUV yaikulu, ndimayamba ndamuonetsa chimenecho, kenako n'kumupatsa ntchito yoti akachite asanaponde pakhomo pa ogulitsa.

Musandimve molakwa, sindinong'oneza bondo kuti ndinaigula. Ikugwira ntchito imene ndinaigulira. Koma ndaona anzanga angapo akugula chigalimoto chonga changa chifukwa cha maulendo awiri kapena atatu a pa chaka, kenako n'kumalira nacho masiku ena onse. Ukulu wa galimoto mumaugwiritsa ntchito masiku owerengeka, koma mumaulipira tsiku ndi tsiku, pa mafuta, pa matayala, ngakhalenso pofuna malo oimika. Ndiye choyamba n'kudziwa kuti masiku owerengekawo kwa inu ndi angati.

Tikunena magalimoto ati

Tiyambe tamvana, chifukwa masiku ano galimoto iliyonse yokwera msinkhu pang'ono ikutchedwa SUV. Amene ndikunena pano ndi akuluakulu enieni, a mizere itatu ya mipando: Chevrolet Tahoe ndi mkulu wake Suburban, GMC Yukon, Ford Expedition, Toyota Sequoia, Toyota Land Cruiser 300, ndi Nissan Patrol, imene ku America ili ndi m'bale wake wotchedwa Armada. Onsewa amamangidwa ngati pikapu. Pansi pamakhala chasesi cha zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero, ndipo thupi la galimoto amachita kuliika pamwamba pake. Expedition inachokera ku pikapu ya F-150, Tahoe ku Silverado, Sequoia ku Tundra. Dzina loti Suburban lakhala pa magalimoto a Chevrolet kuyambira mu 1935, ndipo kuyambira kalelo mfundo yake ndi yomweyi: pikapu yovekedwa denga ndi mipando. Ma SUV ocheperapo monga RAV4, CR-V kapena Highlander ndi osiyana ndi amenewa. Pa zimenezo thupi ndi chasesi ndi chinthu chimodzi, n'chifukwa chake zimapepuka.

Ubwino wonse wa SUV yaikulu umachokera pa chasesi chimenechi, ndipo mavuto ake onse amachokeranso pomwepo. Chimapirira kukoka ngolo yolemera ndi kugwedezeka kwa msewu woipa, koma chimalemera, chimakweza galimoto m'mwamba, ndipo chimadya malo amene akanakhala a miyendo ya anthu. Ambiri mwa magalimoto amenewa amalemera matani awiri ndi theka kapena kuposerapo, musanakweze munthu ndi mmodzi yemwe.

Mwezi umodzi wa kope

Gulani kope, muliike pafupi ndi giya m'galimoto imene mukuyendera panopa. Kwa masiku 30, ulendo uliwonse lembani zinthu zinayi: munali anthu angati, munanyamula chiyani, msewu unali wotani, ndipo munakoka ngolo kapena ayi. Lembani zochitika, osati zimene mukulota kudzachita mukadzagula. Kenako onjezani maulendo aakulu a chaka chathachi amene mukuwakumbukira bwino.

Ine nditachita zimenezi ndinachita manyazi. Pa masiku 30, masiku 21 ndinali ndekha kapena ndi mwana mmodzi wopita naye kusukulu. Banja lathu ndi la anthu 7: ine, mayi a kunyumba, ana anayi, ndi amayi anga amene timakhala nawo. Tonse pamodzi tinakwera maulendo 5 okha. Zikanakhala zokhazo sindikanagula. Chimene chinasintha masamu ndi ngolo. Ntchito yanga imafuna kuti kawiri pa mwezi ndikoke ngolo yonyamula kamakina kokumbira, zonse pamodzi makilogalamu pafupifupi 2,400, ndipo kawirikawiri mbali ina ya ulendowo imakhala ya fumbi, ya matope mvula ikagwa.

Kope lanu likaonetsa zinthu ziwiri mwa zitatu izi zikuchitika mobwerezabwereza, anthu oposa 5, ngolo yoposa matani awiri, ndi msewu umene galimoto wamba imakhuza mimba, ndiye kuti SUV yaikulu ili ndi chifukwa chomveka. Likaonetsa chimodzi chokha, pali galimoto ina imene ingachite bwino chimodzicho pa mtengo wotsika. Wofuna kunyamula anthu okha ayang'ane kaye ma minivan monga Toyota Sienna, Kia Carnival kapena Honda Odyssey. Ndikudziwa kuti ambiri mwakwinya kale nkhope, poti minivan siipatsa munthu ulemu pamsewu. Koma zitseko zake n'zotsetsereka, pansi pake m'pafupi moti agogo amakwera osakokedwa dzanja, ndipo Sienna, imene kuyambira mu 2021 imabwera ya hybrid yokhayokha (yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi), imamwa malita osapitirira 7 pa makilomita 100. Wofuna kukoka ngolo kokha ayang'ane pikapu. Likapanda kuonetsa chilichonse mwa zitatuzi, vomerezani mumtima kuti mukungoifuna, basi. Kufuna chinthu si mlandu, ndalama ndi zanu, koma muzidziwa kuti mukugula chisangalalo, ndiye muchiwerengere mtengo wake ngati chisangalalo.

Kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko

Apa ndi pamene ogulitsa salankhulapo kwambiri, ndipo ndi pamene ine ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Bulosha imalemba ndi zilembo zikuluzikulu kulemera kwa ngolo imene galimoto ingakoke. Land Cruiser 300 ndi Patrol zimalembedwa makilogalamu 3,500 m'mayiko ambiri, ndipo za ku America zina zimafika matani 4 n'kupitirirako pang'ono zikakhala ndi zida zokokera. Nambala imeneyo ndi yoona, koma pali ina yaing'ono imene ili yofunika kuposa iyo: kulemera kwa anthu ndi katundu kumene galimotoyo imaloledwa kusenza pamsana pake. Tsegulani chitseko cha dalaivala, muyang'ane kachikwangwani kapena kasitika kamene kali pamphuthu. Mukapeza kulemera konse kololedwa, chotsanipo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Chotsalacho pa magalimoto ambiri a mtundu uwu chimakhala pakati pa makilogalamu 600 ndi 800. Chigalimoto chonsecho, inde.

Ndiye taonani mmene nambalayo imathera. Ngolo yomangidwa bwino imatsamiritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake pa chokolekera chakumbuyo kwa galimoto, ndipo kulemera kumeneko kumawerengedwa ngati katundu amene galimoto yasenza. Tiyerekeze kuti yanu imaloledwa makilogalamu 700. Ngolo yanga ya makilogalamu 2,400 yadyapo kale 240, kwatsala 460. Akuluakulu atatu a makilogalamu 75 aliyense ndi 225. Ana anayi a makilogalamu 40 aliyense ndi 160. Kwatsala makilogalamu 75 a zikwama za anthu 7. Mukakoka ngolo ya 3,500 imene bulosha ikudzitama nayo, mwatsala ndi 350, kutanthauza akuluakulu anayi ndi kachikwama kamodzi. Chitsulo chotchinga kutsogolo, kariyala wa padenga, firiji ya m'galimoto, tayala lachiwiri la sipeya, zonsezo zimadya pa nambala yomweyo. Ndipo mitundu yodula kwambiri, ya denga lagalasi ndi mipando yamagetsi, ndi imene imatsala ndi nambala yochepa, chifukwa zokometserazo zimalemera.

Kupyola malire amenewa si nkhani ya apolisi okha. Matayala akumbuyo amatentha, mabuleki amafooka potsika phiri, kutsogolo kumapepuka moti chiwongolero sichigwira bwino, ndipo ngozi ikachitika a inshulansi akhoza kukana kulipira. Funsaninso ngati laisensi yanu imalola kuyendetsa galimoto ndi ngolo zolemera chotero pamodzi, chifukwa m'mayiko ambiri laisensi wamba ili ndi malire ake.

Tengani banja lonse popita kukaona

Mzere wachitatu wa mipando musauone ndi maso okha. Lowetsanimo munthu wamtali kwambiri wa m'banja mwanu amene adzakhaleko, akhale mphindi 10 zitseko zili zotseka. Pa magalimoto amene matayala akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi chopingasa, pansi pa mzere wachitatu pamakhala pokwera, ndiye munthu wamkulu amakhala mawondo ali pachifuwa. Tahoe ndi Suburban zinasintha kamangidwe ka kumbuyo mu 2021, tayala lililonse n'kumayenda palokha, ndipo malo a miyendo anakula ndithu. Sequoia ya 2023 inachita zosiyana, inabwerera ku chitsulo chimodzi chija, kuwonjezera apo batire la hybrid lili pansi pa mipando yomweyo, choncho mzere wachitatu ndi wokwera ndipo supindika n'kufanana ndi pansi pa buti. Zinthu ngati izi simungazione pa chithunzi.

Anthu akakhala onse, pitani kumbuyo mukatsegule buti. Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Pa Land Cruiser, mipando yonse ikaimikidwa, malo otsala amakwana zikwama zochepa zofewa. Sutikesi za anthu 7 ayi. Ngati mukufuna anthu ndi katundu nthawi imodzi, mukunena za mitundu yotalikitsidwa, Suburban, Yukon XL kapena Expedition Max, ndipo pamenepo vuto la malo oimika lakula. Ine ndinapita ndi sutikesi ziwiri zenizeni ndi njinga ya mwana wakhanda yopinda. Wogulitsa anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu, koma galimoto imene ndinkaifuna poyamba inagwa mayeso pomwepo.

Okhala ndi ana aang'ono anyamulenso mipando yawo ya ana, aimange, kenako ayese ngati munthu angadutsebe kupita kumzere wachitatu. Ndipo ngati muli ndi okalamba, aloleni akwere ndi kutsika okha. Amayi anga mpaka lero amafuna kampando kopondera, ndipo kamakhala m'buti nthawi zonse.

Tepi

Iyi ndi ntchito ya theka la ola imene ikanandipulumutsa ku chipsera chija. Tahoe ya masiku ano ndi yotalika mamita pafupifupi 5.35, Suburban mamita 5.73, Land Cruiser 300 yatsala pang'ono kukwana mamita 5. Yerekezani ndi RAV4 imene ili pafupifupi mamita 4.6. M'lifupi zikuluzikuluzi zili pafupifupi mamita 2, magalasi a m'mbali osawerengera, ndipo msinkhu ndi woposa mamita 1.9. Yezani geti, yezani galaja m'litali ndi m'lifupi, ndipo muwonjezere malo otsegulira zitseko ndi chitseko cha buti, chimene chimatukuka m'mwamba kupitirira denga. Chimene chinandipweteka ine si kuchepa kwa geti, koma kuti ndimalowa mokhota kuchokera mumsewu wopapatiza. Galimoto yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo amadula njira. Kumbukiraninso malo oimika a pansi pa nyumba zosanjikizana, amene pakhomo pake amapachika chitsulo cholemba msinkhu. Mukaika kariyala padenga, ambiri mwa malo amenewo mwatsanzikana nawo.

Masamu a mafuta

Musafunse kuti "imamwa bwanji", chifukwa yankho lake limakhala loti "sikwenikweni, malinga ndi kukula kwake". Chitani masamu nokha, m'malita. Ma SUV aakulu a petulo amalembedwa malita pakati pa 13 ndi 15 pa makilomita 100. Yanga ndi ya injini ya V8 (ya masilinda 8) ya petulo, ndipo zimene ndimaona ndi izi: 14 paulendo wautali, 18 kapena 19 m'tauni, ndipo ndikakoka ngolo imadutsa 22. Ndiye tengani makilomita amene mumayenda pa chaka. Tinene kuti ndi 20,000. Pa malita 15, ndi malita 3,000 pa chaka. Galimoto yapakatikati yomwa malita 8 ingathe 1,600. Kusiyana kwake ndi malita 1,400 chaka chilichonse, 7,000 pa zaka 5. Chulukitsani ndi mtengo wa lita kumene muli, mulembe nambalayo pafupi ndi mtengo wa galimoto. Kwa amene zimawakhudza, lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, ndiye malita 1,400 aja ndi matani oposa 3 pa chaka.

Thanki yaikulu imanamiza. Patrol ya V8 ili ndi thanki ya malita 140, Land Cruiser 300 ya malita 110 m'misika yambiri, choncho geji imatsika pang'onopang'ono ndipo mumaona ngati zinthu zili bwino, mpaka tsiku lodzaza.

Opanga akuyesetsa kuchepetsa ludzuli. Ford inasiya V8 pa Expedition mu 2015 n'kuika V6 ya malita 3.5 ya ma turbo awiri. Toyota inachita chimodzimodzi pa Land Cruiser 300 mu 2021, ndipo Nissan inatsatira pa Patrol yatsopano mu 2024. Injini zimenezi zili ndi mphamvu zokokera zoposa za V8 zakale, ndipo mukamayenda mofatsa zimasungako mafuta, koma mukazikoketsa ngolo zimamwa ngati V8 yomwe. Sequoia ya hybrid imamwa malita 11 kapena 12. Batire lake analiika makamaka kuti liwonjezere mphamvu, musayembekezere zozizwitsa ngati za Prius, hybrid yaing'ono ya Toyota. Dizilo ndiye amasungadi: Land Cruiser 300 ya V6 ya malita 3.3 imalembedwa malita pafupifupi 9, ndipo Tahoe ya dizilo ya malita 3.0 siili patali. Koma dizilo wa masiku ano ali ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha. Ngati maulendo anu ndi a makilomita 5 kupita kusukulu ndi kubwerera, sefayo imatsekeka, ndipo kuisintha si ndalama yamasewera. Kope lija likuuzani ngati dizilo akukuyenerani.

Ndalama zimene sizili pa galasi

Matayala ndi oyamba. Ndi aakulu, ndi odula, ndipo chifukwa cha kulemera kwa galimoto amatha msanga. Musanagule, werengani nambala ya saizi pa tayala, mufunse mtengo wa anayi. Ndikupatseniko langizo laulere: mawilo a mainchesi 22 amaoneka bwino pachithunzi, koma tayala lake limakhala lopyapyala m'mbali, limagunda kwambiri pa maenje ndipo silichedwa kung'ambika. Ngati mumayenda m'misewu yoipa, sankhani a mainchesi 18. Mabuleki nawo amatha msanga poimitsa matani awiri ndi theka tsiku lililonse. Injini imafuna oilo wambiri pa sevisi iliyonse. Inshulansi imatsata mtengo wa galimoto. Imbirani a inshulansi akuuzeni nambala yeniyeni musanasaine chilichonse. M'mayiko ambiri msonkho umakwera malinga ndi kukula kwa injini, kulemera, kapena utsi, ndipo malamulo otere akunka nakhwima. Mu February 2024 anthu a ku Paris anavota kuti magalimoto olemera matani 1.6 kupita m'mwamba, a alendo obwera mumzindamo, azilipira katatu poimika m'mbali mwa msewu.

Koma ndalama yaikulu kuposa zonsezi ndi imene simuiona ikutuluka m'thumba: kutsika kwa mtengo wa galimotoyo. Galimoto yatsopano imataya mtengo kwambiri m'zaka zake zoyambirira, ndipo ikakhala yodula, gawo lotayikalo limakhalanso ndalama zambiri. Njira yodziwira ndi yosavuta. Fufuzani mtengo umene mtundu womwewo wa zaka 3 ukugulitsidwa lero, muchotse pa mtengo wa yatsopano, mugawe ndi miyezi 36. Kwa ine nambala imeneyo inaposa ya mafuta a pamwezi. Mitundu imasiyana kwambiri pankhaniyi. Land Cruiser imadziwika kuti imasunga mtengo wake, pamene ma SUV aakulu apamwamba odzaza ndi zamagetsi amagwa msanga.

Nanga bwanji osangogula ya zaka 3, wina atalipira kale kutsikako? Kwa anthu ambiri ndi nzeru yabwino, ndipo sindingatsutse. Ine ndinagula yatsopano pa zifukwa ziwiri. Galimoto zamtunduwu zimagulidwa kuti zigwire ntchito yolemera, ndipo giyabokosi imene yakoka ngolo yopyola malire kwa zaka 3 siioneka ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chachiwiri ndi waranti. Ngakhale makampani a mbiri yabwino amaphonya: mu 2024 Toyota inaitanitsa magalimoto oposa 100,000 a Tundra ndi Lexus LX ku America kuti abwezedwe akakonzedwe chifukwa cha tizidutswa ta chitsulo totsalira mu injini, ndipo mu 2025 General Motors inaitanitsa pafupifupi 600,000 a injini ya V8 ya malita 6.2. Injini ya galimoto yotere ikafa waranti itatha, ndalama yake ingagule galimoto ina yaing'ono. Pa chifukwa chomwecho, ine sindigula mtundu umene wangotuluka kumene chaka chomwecho. Ndimadikira ena ayambe apeza zolakwika zake.

Za ngongole ndinena mwachidule. Wogulitsa akakufunsani kuti mungakwanitse zingati pa mwezi, musayankhe. Akatalikitsa ngongole kufika zaka 6 kapena 7, ndalama ya pamwezi imaoneka yochepa, koma chiwongoladzanja chimachuluka, ndipo kwa zaka zingapo mumakhala ndi ngongole yoposa mtengo wa galimotoyo. Kambiranani mtengo wonse.

Chitetezo chili ndi nkhope ziwiri

Anthu ambiri amati akugulira ana, kuti akhale otetezeka, ndipo sakunama. Magalimoto awiri akagundana, amene ali mu yolemera amavulala mochepa. Mantha akale oti SUV imagubuduka msanga anachepanso chifukwa cha kachipangizo kamene kamagwira mabuleki a tayala limodzilimodzi galimoto ikayamba kutsetsereka, kamene kanakhala lamulo ku America mu 2012 ndi ku European Union mu 2014. Komabe galimoto yaitali msinkhu ndi yaitali basi. Simungaikhotetse mwadzidzidzi ngati yaing'ono.

Nkhope ina ndi ya amene ali kunja. Galimoto ya makilogalamu 2,600 imagunda ndi mphamvu zowirikiza kawiri za ya 1,300 pa liwiro lomwelo. Mu November 2023 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety la ku America linapeza kuti magalimoto a boneti yotalika kupitirira mainchesi 40, ndiye kuti pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, akagunda munthu woyenda pansi mpata woti afe umakwera ndi 45 peresenti poyerekeza ndi a boneti yotsika ndi yopendekeka. Galimoto yotsika imamenya miyendo, yaitali imamenya chifuwa ndi mutu. Ndipo kutsogolo kwa boneti kuli malo amene dalaivala saona n'komwe. Yesani izi kwa ogulitsa konko: khalani pampando, wina aike chidebe kapena katoni yotalika ngati mwana wa zaka 3 patsogolo pa bampala, azichisuntha kunka kutali mpaka mutachiona. Nditachita zimenezi ndi mwana wanga wamng'ono ataima pambali akuonerera, thupi linandizizira. Kuyambira pamenepo panyumba pathu pali lamulo loti injini ikalira, mwana aliyense aime pakhonde pamene ndikumuona. Ngati pali chokometsera chimodzi choyenera kuwonjezerapo ndalama, ndi makamera oonetsa mbali zonse za galimoto pamodzi ndi mabuleki odzigwira okha akaona munthu. Denga lagalasi lisiyeni.

Kuyesa kuyendetsa

Ogulitsa ali ndi njira yawo imene amakonda, yosalala ndi yotakasuka. Ikaneni mwaulemu, mupemphe kuyenda njira yanu ya tsiku ndi tsiku. Kalowetseni pa geti lanu. Kaiimikeni chobwerera m'mbuyo pakati pa magalimoto awiri. Tembenukani pa msewu wopapatiza muone kuti zitenga maulendo angati. Dutsani pa mabampu anthu ali kumbuyo, muwafunse mmene akumvera, chifukwa kumzere wachitatu kumagwedeza kuposa kutsogolo. Onse amene adzaiyendetse ayese. Ngati mnzanu wa m'banja akuiopa, idzakhala ya munthu mmodzi, ndipo paulendo wautali simudzalandirana. Funsaninso ngati imene mukuonayo imakoka ndi matayala onse anayi, chifukwa ma SUV aakulu ambiri a ku America amagulitsidwanso okoka ndi akumbuyo okha, ndipo ena alibe giya yotsika ya m'matope. Dziwaninso kuti mitundu yotalikitsidwa ija imakhuza mimba pa zitunda zimene Land Cruiser imadutsa bwinobwino.

Ngati n'kotheka, bwerekani yamtundu womwewo kwa obwereketsa magalimoto kwa masiku atatu. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugulitsa galimoto ya miyezi 6 motaya. Mnzanga wina anachita zimenezi, anabweza makiyi tsiku lachiwiri, ndipo anagula SUV yapakatikati. Maulendo ake aakulu awiri a pa chaka amangobwereka yaikulu.

Kwathu zinathera poti magalimoto ndi awiri. Kagalimoto kakale kaja sindinakagulitse, ndi kamene kamapita kusukulu ndi kuntchito masiku 21 aja. Yaikulu imatuluka pakakhala ngolo, matope, kapena tonse 7. Mwana wathu woyamba achoka pakhomo chaka chamawa, ndipo ntchito ya kamakina kokumbira ndikuganiza zoisiyira mng'ono wanga. Kope latsopano ndagula kale, lili pafupi ndi giya.